Mmene ndinapangira manyowa a chimato kwa Khombedza

Munda wathu uli kwa Khombedza kuno ku Salima, ndipo dothi lake ndi lamchenga. Mvula ikagwa m'mawa, pofika madzulo pamwamba pauma kale. Ndinkathira feteleza, chimanga n'kubiriwira masabata ochepa, kenako n'kuyamba chikasu, kaufiti n'kudzaza mizere. Koma pansi pa msangu umene uli m'malire mwa mundawu, chimanga chinkabereka chaka ndi chaka. Msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, ndiye amawolera pomwepo. Tsiku lina ndinakumbapo ndi khasu. Dothi lake linali lakuda, lofewa, logwirana ndikalifumbata, nyongolotsi zili yakaliyakali. Nditasuntha pang'ono n'kukumbanso, ndinapeza mchenga woyera umene unkangoyoyoka m'zala.

Nditawafotokozera alangizi, anandiuza kuti: "Bambo, mchenga sugwira kanthu. Feteleza mumathirayo amatsika ndi madzi kupita kumene mizu siifika. Chimene chimagwira madzi ndi chakudya cha mbewu ndi zinyalala zowola, ndipo m'munda mwanu zinatha ndi moto." Sanalakwe. Chaka chilichonse ndinkasonkha mapesi n'kuyatsa kuti kusosa kuphweke.

Ntchito yopanga manyowa ndinaiyamba mu Meyi nditangokolola. Apa musachedwe, chifukwa mphepo ya mwera ikayamba, anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, moto n'kulowa m'munda, ndipo zotsala zimathera mbuzi ndi ng'ombe. Ndinatuta mapesi, masamba a mtedza ndi udzu n'kuunjika pamthunzi, pafupi ndi chitsime cha kudimba. Ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku ndinasesa m'makola mwathu. Phulusa mayi a kunyumba anandisungira m'thumba mwezi wathunthu.

Chotopetsa kwambiri ndi kudula. Mapesi ndinawadula ndi chikwanje timapisi tofanana ndi chala kutalika kwake, masiku awiri ndili pa ntchito yomweyo. Phesi lathunthu limachedwa kuwola, mudzalipeza lili chomwecho mvula itagwa.

Pansi ndinayala timitengo ndi mapesi osadula kuti mpweya uzilowa, malo ozungulira a mita 1.5 m'lifupi. Pakati ndinazika mtengo wowongoka. Kenako ndinayala zouma zija, kuchindikala kwake ngati kutambasula chikhatho, n'kuwaza madzi ndi kheni. Pamwamba pake masamba aawisi a mtengo wa gilisidiya ndi zomera za kudimba, kenako ndowe, phulusa lowazawaza, ndi dothi pang'ono la pansi pa msangu paja, poti ndi mmene muli tizilombo towoletsa zinyalala. Zouma pazokha zimawola mochedwa. Ndowe ndi masamba aawisi ndizo zimapatsa tizilomboto nayitirojeni, chakudya chimene chimapezekanso mu feteleza, kuti tichulukane, mulu n'kutentha. Ndinabwereza choncho mpaka mulu unandifika pachifuwa. Ndiyeno ndinaponda dothi la pachulu n'kumata mulu wonse ngati mmene timamatira nkhokwe, n'chifukwa chake amati chimato. Mtengo wapakati uja ndinauzula, bowo lake likhale potulukira mpweya.

Mulu woyambawo unakanika. Patatha masiku 4 ndinabaya kamtengo mkati, ndipo nditakazula kanali kozizira, kouma. Ndinadikira sabata ina, sizinasinthe. Vuto linali madzi. Kutunga kunkatitopetsa, ndiye tinkangowaza pamwamba. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a ana, tigumule basi, tikausiya tataya mphamvu zathu pachabe." Tinagumuladi. Mkati munali nkhungu yoyera ngati ufa, mapesi ali gwa. Poumbanso, mulingo unali uwu: ndikafinya zinyalala m'manja, dzanja linyowe koma madzi asachite kuchucha. Akachulukanso mulu umanunkha chifukwa mpweya umasowa. Ulendo uno kamtengo kanatuluka kotentha, konyowa, ndipo m'mawa kukazizira pabowo paja pankatuluka nthunzi.

Kutentha kumeneku n'kofunika chifukwa kumapha njere zambiri za udzu, zimene zikanakamera m'munda. Ming'alu ikaoneka ndinkamatanso, ndipo kamtengo kakatuluka kouma ndinkathira madzi kudzera pabowo.

Itatha miyezi 3 ndinaswa chimato chija. Mulu unali utaphwa pafupifupi theka, zimene zinandikhumudwitsa poyamba. Koma manyowa ake anali akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi mvula yoyamba ikagwa. Ndinawafunditsa udzu pamthunzi, chifukwa dzuwa la Okutobala la kuno kunyanja limawawononga akakhala pamtetete.

Mulu umodzi sungakwane ekala, osadzinamiza. Ndinasankha mizere 20 ya mbali yoipitsitsa, n'kuthira manja awiri pa phando lililonse, n'kukwirira mvula isanagwe. Feteleza sindinamusiye, ndinathirabe wobereketsa, chifukwa manyowa amatulutsa chakudya pang'onopang'ono. Ndimaona kuti amene amauza alimi kuti manyowa athetsa zonse chaka chimodzi amawagwetsa mphwayi. Chaka choyamba kusiyana kunali kochepa, ndipo kaufiti anamerabe.

Chaka chachiwiri ndinathiranso m'mizere yomweyo. Ng'amba ya mu Febuluwale 2024 itafika, chimanga cha mbali inayo chinkapota masamba dzuwa lisanafike paliwombo, pamene cha m'mizere 20 ija chinkapirira mpaka masana, m'mawa n'kupezeka chatambasukanso. Nditafukula ndi chala pafupi ndi mizu, pansi panali chinyontho. Chimanga chimene tinadya chaka chimenecho chambiri chinachokera m'mizere imeneyo.

Panopa ndimaumba milu 4, ndipo iwiri ndimaumbira kumunda komweko kuti ngolo isandidyere ndalama. Madzi ake timatunga ndi njinga, zigubu ziwiri ulendo umodzi, m'mamawa dzuwa lisanakwere.