Granola wanga anapinda supuni

Zonse zinayamba ndi kuuma manja kwanga. Tsiku lina ndili m'sitolo ndinatembenuza kapaketi ka granola, chakudya cha m'mawa chodyera mkaka, kamene ana amakalirira, n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo: oats, mtedza, uchi, mafuta ophikira, mphesa zouma. Zomwezo basi, koma mtengo wake ngati abisamo golide. Nditafika kunyumba ndinalengeza kuti kuyambira lero granola tizipanga tokha.

"Inuyo bambo?" anatero mayi a ana. "Amene simudziwa n'komwe pamene timasunga mchere?"

Sindinawayankhe. Loweruka atangotuluka kupita kokacheza, ndinapeza kapangidwe kake pa intaneti: makapu 4 a oats, kapu imodzi ya mtedza ndi njere za mpendadzuwa, theka la kapu ya uchi, theka la kapu ya mafuta, ndi kamchere, kamene ndinakasaka kwa mphindi 10. Analemba kuti mphesa zouma zithiridwe zonse zikapsa. Ndinaona kuti n'kuchulutsa gaga m'diwa, ndinakhuthulira zonse pamodzi. Pepala loyala pathireyi tinalibe, ndinati palibe kanthu.

Kenako kunabwera nkhani ya moto. Iwo analemba 325. Ndinayang'ana pauvuni wathu, manambala athera pa 250. Ndinadandaula kuti anatigulitsa uvuni wopereŵera, n'kupotoza batani mpaka pamapeto kuti mwina ndiyandikireko. Ine osadziwa kuti mwini kapangidweko amawerenga m'madigiri a Fahrenheit, ndipo 325 yakeyo pa Celsius, madigiri a uvuni wathu, ndi pafupifupi 160 chabe. Ine ndinali nditaika pafupifupi 480 ya kwawoko.

Mphindi zoyamba zinali zokoma. Fungo la uchi linadzaza nyumba mpaka mwana wanga wamkulu anasiya gemu yake. "Adadi, inu ndi akatswiri," anatero. Ndinamuuza kuti adzanene mawu omwewo amayi ake akabwera.

Patatha mphindi 12 ndinatulutsa thireyi. M'mbali munali mutada kale, koma nditagunda ndi supuni pakati pake, zinali phwetephwete. Granola wofewa ndinamuonapo kuti? Ndinabwezera mu uvuni. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje, chifukwa granola akamatuluka amakhaladi wofewa. Shuga wa mu uchi amakhala atasungunuka, ndipo kukhukhuluza kuja kumabwera akazizira. Zimenezi zinalembedwa m'munsi mwa tsamba, kumene ine sindinafikeko.

Ndinakakhala pansi pang'ono. Chimene chinandidzutsa ndi kutsokomola kwa ana. Kukhitchini utsi uli tolo, mphesa zouma zija zitatupa ngati nkhupakupa zokhuta magazi, zina zikuphulika. Ndinatsegula mawindo onse, thireyi n'kuiponya pakhonde.

Zitazizira zinauma ndithu, monga mmene ndinkafunira, koma zinauma kukhala chimwala chimodzi chogwirana ndi thireyi. Mpeni unakanika. Ndinatenga sikuludiraiva ndi hamala. Mayi a ana anandipeza nditagwada pakhonde ndikukhoma, tizidutswa takuda tikuthethekera m'maluwa.

"Mukumanga chiyani bambo?"

Mwamwayi, podikira kuti zizizire ndinali nditawerengako mbiri yake, choncho ndinaimirira ndi ulemu wanga wonse. Ndinawafotokozera kuti chakudyachi chinayamba mu 1863 ku Dansville, m'chigawo cha New York, ndi dokotala James Caleb Jackson amene anachitcha granula, ndipo chinali cholimba moti ankachinyika mu mkaka usiku wonse chisanadyedwe. "Ine ndapanga weniweni wachikale," ndinatero.

"Chabwino, nyikani," anatero iwo, nkhope ili gwa.

Ndinanyikadi. M'mawa mkaka unali utada ngati khofi, ukuwawa ngati mankhwala, koma mwala uja uli chikhalire pansi pa mbale. Banja lonse linandizungulira kudzaonerera. Ndinakanikiza supuni ndi mphamvu, supuni n'kupindika.

Loweruka lotsatira mayi a ana anapanga okha: moto pa 160, kutakasa kamodzi pakati, kutulutsa patatha mphindi 25 akadali wofewa, mphesa pamapeto. Anadzaza mabotolo awiri ndipo ana anadya sabata yonse. Anaphikira pathireyi yatsopano imene ndinagula ine. Yakale ija ili kuseri kwa nyumba, ndipo ngakhale nyerere zimailambalala.