Muziwerenga kapumidwe ka mwana

Amayi anzanga a kuno ku Chipata, kuzizira kwayamba ndipo chifuwa chachuluka mwa ana. Dzulo ku kiliniki kwathu kunabwera agogo ena atabereka kamdzukulu ka miyezi 8, akuti n'chimfine chabe. Ndinakavula malaya, n'kudikira kaye kuti katonthole, kenako n'kuwerenga kapumidwe kake mphindi yathunthu, wotchi ili m'manja. Kanapuma ka 58, ndipo pokoka mpweya m'munsi mwa nthiti munkalowa m'kati. Chinali chibayo.

Izi mungachite nokha kunyumba ndi wotchi ya pa foni. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mothamanga. Kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40. Mukaona zimenezi musadikire, thamangani naye kuchipatala. Akakana kuyamwa kapena akayamba kukomoka, pitani ngakhale pakati pa usiku.

Chonde, tikakupatsani amoxicillin, mankhwala a chibayo, mumalizitse masiku onse, ngakhale mwana atayamba kusewera. Agogo aja ndinawaonetsa kawiri kusungunula piritsi m'madzi pang'ono pa supuni, kachitatu anachita okha.