Kiyi anandithyokera ndili ndi thaulo lokha m'chiuno

Amene munakhalapo nyumba za lendi ku Ndirande mundimvetsa msanga. Pa poloti pathu tilipo mabanja 6, bafa ndi imodzi yakunja, ndiye ukachedwa kudzuka umaima pa mzere ndi ndowa yako mpaka madzi kuzizira. Ine chindibereni foni ndili kosamba chaka chatha sindisuntha osakhoma, olo kupita kokataya madzi ndimakhoma kaye. Ndinagula loko wamkulu wa Tri-Circle ku Limbe, hasipu, chitsulo chokolowekapo loko pa chitseko, ndinakhomerera ndekha, ndipo ndinkadzitama kuti pano wakuba aona polekera. Makiyi enieni atatu aja ndinataya onse, amene ndinatsala naye ndi wodulitsa mu msika, kopyapyala ngati chitini cha sadini.

Ndiye Lolemba lina ndili ndi intavyu 8 koloko ku Ginnery Corner. Malaya ndasita usiku, ali pa mpando m'nyumba. Ma satifiketi m'nyumba. Foni m'nyumba. Ine ndikuchokera kubafa cha m'ma 6, thaulo m'chiuno, patapata kuphazi, ndalowetsa kiyi, kupotokola, gwa. Loko anali atamwa mvula ya mwezi wonse. M'malo moti ndimunyengerere ndinati iwe sundidziwa, nkuwonjezera mphamvu.

Thyo!

Kamutu ka kiyi m'manja mwanga, thupi lonse m'kati mwa loko. Ndinangoti kakasi. Mayi aneba amasesa panja, anandiyang'ana kamodzi nkutembenukira ku mpanda, "Mwadzuka bwanji achimwene?" Ine tadzuka mayi, kaya inu, dzanja limodzi lili pa mfundo ya thaulo. Thaulo lakenso si lalikulu ayi, ndi aja ogula pa kaunjika omwe mwina kwawo anali opukutira mwana.

Nzeru yoyamba inali yanga yomwe: ndilowetse kamutu kaja kakakumane ndi kanzake ndipotokole. Zomwe ndinachita ndi kukankhira chidutswa chija m'kati kwambiri, kansonga komwe kamaonekera kaja kanasowa. Apa nkuti anthu atayamba kutuluka, ndipo simungakhulupirire kuti poloti imodzi ingakhale ndi akatswiri a maloko ochuluka chonchi. Madala a nyumba yakumapeto anati vuto ndi dzimbiri mwana wanga, tithire mafuta, anabwera ndi botolo la mafuta ophikira nkukhuthula ngati akukazinga chipisi, theka linathera pa mapazi anga. Mnyamata wa kabaza anabweretsa sipoko ya njinga, yonenepa, osalowa. Mayi aja anazula pini pa chitenje, inapindika. Ana asukulu anaiwala zoti kuli sukulu, anangokhala pa khonde kuonera ulele.

Kenako kamnyamata ka Fomu 2 kakuti ankolo ndinaona pa TikTok, mumapaka supa guluu pa kamutuko nkugunditsa, zikagwirana mumakoka. Ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga ndinamvera, ndinachita kukongola ndalama kwa madala aja nkukatuma ku okala. Tinadontheza, ndinagunditsa, tinawerenga mpaka 60 poloti yonse mokweza ngati tili ku sitandade 1. Kukoka, kamutu kanabwera kokha. Guluu yense anatsikira m'kati kukamata zonse, ndipo zala zanga ziwiri zinagwirana nji. Tsono ganizani, dzanja lina lagwira thaulo, lina lamatika, mapazi akuterera mu patapata chifukwa cha mafuta.

Alandilodi anatulukira pomwepo. Sanafunse nkomwe kuti chachitika nchiyani. "Chitseko changa chokha musaswe. Komanso poti ndakupezani, ya mwezi uno ija bwanji?" Ndinati mayi ndalama zili m'katimo, anati ndiye tidikira limodzi, anakoka mpando nkukhala.

Cha m'ma hafu 7 wina anakaitana akalipentala a kuseri kwathu. Anasuzumira pa kabowo, kununkhiza, nkupukusa mutu. Akuti mukanandiitana poyamba bwenzi zitatha kale, kiyi wothyoka umayamba wabweza loko pamalo pomwe kiyi amalowera, kenako umatenga kachidutswa kopyapyala ka hakiso, mano ake aloze kwa iwe, nkukalowetsa m'mbali mwa kiyiyo, kakakola umakoka pang'onopang'ono mpaka pulayala itagwira. "Koma ndi guluu mwathirayu bwana, loko uyu ndi maliro."

Ndinati ndiye tidule ndi hakiso, nthawi yatha. Sanandiyankhe, amayang'ana hasipu. Anafunsa kuti anakhoma iyi ndani, ine monyadira ndinati ndine. Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba. Kani ndinaikhoma chozondoka, masikuluwu onse 4 ali poyera kunja m'malo mobisika pansi pa chitsulo chija. Anamasula kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, mphindi ziwiri sizinakwane chitseko chili pululu, loko wanga wamkulu uja akulendewera ali chikhomere.

Poloti yonse zii. Kenako madala aja anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Ndiye chaka chonsechi mumakhomera ndani?" Mayi aneba anaseka mpaka kukhala pansi.

Akalipentala anatenga K3,000, alandilodi anandilondola mpaka pakhomo kudzatenga zawo. Ku intavyu ndinafika 9 koloko itadutsa, ndikununkha mafuta a chipisi, ndipo fomu ndinasaina zala ziwiri zili chimatire. Sanandiimbirebe. Ana a pa poloti pano akandiona amakuwa kuti ankolo a thaulo abwera.