Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chimbale chomwe agogo ankakana kumvera

Mu gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yosamalira agogo ena aamuna ku Roma, ntchito yomwe kuno amati badante, nde lero ndikufuna ndikuuzeni za chaka cha 2019, chaka chomwe mpaka pano ndikachikumbukira misozi imalengeza.

Agogowa anali ndi zaka zopitirira 70, sitiroko inawagwira mbali yakumanja moti kuyenda kunali kwa pa wilutcheya, kulankhula nakonso kunkatuluka mokoka. Ntchito yanga inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, mankhwala pa nthawi yake, kuphika, basi tsiku latha. Ine ndinkangowaitana kuti agogo ngati kwathu ndipo anazolowera, akamva agogo amatembenuka.

Pabalaza panali shelefu yodzadza ndi zimbale za galamafoni, zonse ndinkapukuta fumbi kupatula chimodzi chomwe ankati ndisachikhudze. Chikuto chake sichinali cha makona anayi ngati zinzake, chinadulidwa ngati kamtsuko kadothi kaja ana amaponyamo makobidi. Chinali chimbale choyamba cha bandi ya Banco del Mutuo Soccorso, cha mu 1972, anachigula ali mnyamata. Atandimasulira kuti dzinalo likutanthauza banki yothandizana ndinati aaa agogo, imeneyotu kwathu ku Balaka ndi banki mkhonde, ndikuwafotokozera momwe azimayi amakhalira pamkeka kusonkha masheya ndi kubwerekana, ndipo tsiku limenelo mpomwe ndinawaona akuseka koyamba, pakamwa patakhotera mbali imodzi.

Ndisaname, nyimbozo poyamba zinkandizunguza mutu. Ine ndinakulira Alleluya Band ndi kwaya ya kutchalitchi, nyimbo yoti ukaimva kawiri wailoweza. Izi ayi, nyimbo imodzi mpaka mphindi 10 kapena kuposa, iyamba ndi piyano mwakachetechete kenako ogani yalowa mwaukali, ng'oma zasintha mayendedwe osakuchenjeza, ukati ugwedeze mutu wapezeka wasochera. Amati progressive rock. Pa makiyibodi panali pachibale awiri, Vittorio ndi Gianni Nocenzi, koma chomwe chinandigwira ine ndi mawu a woyimba wawo Francesco Di Giacomo, bambo wathupi wandevu zambiri, mawu okwera koma odekha, ngakhale mawu a Chitaliyana ena sindinkawamva ndinkadziwa kuti munthuyu akuyimba zochokera pansi pa mtima.

Francesco anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Zagarolo, kufupi ndi Roma, mu February 2014. Chaka chotsatira woyimba gitala wawo Rodolfo Maltese naye anatisiya, ndipo chaka chomwecho cha 2015 Vittorio Nocenzi mtsempha unaphulika m'mutu. Agogo ankanena zimenezi ngati akuwerenga maliro a pamudzi pawo, ankati bandi ija inatha basi.

Nde mu 2019 kunamveka kuti Vittorio, atachira, wasonkhanitsanso anyamata ndipo atulutsa chimbale cha nyimbo zatsopano, Transiberiana, choyamba kuchokera mu 1994, zaka 25 abale. Nyimbo anapeka limodzi ndi mwana wake Michelangelo, ndipo nkhani yake ndi ya ulendo wa pasitima yodutsa ku Siberia ija, njanji ya makilomita oposa 9,000 kuchoka ku Moscow mpaka ku Vladivostok, kuufanizira ndi ulendo wa moyo wa munthu. Pamalo pa Francesco panali Tony D'Alessio. Mwana wawo wamkazi wa agogo anagula CD nkubwera nayo Lamulungu akuganiza kuti bambo ake asangalala, koma iwo anangoyang'ana chikuto nkunena kuti popanda Francesco palibe Banco, nkundiuza ndiiponye mu dirowa ya mankhwala. Inakhala mmenemo ili mu pulasitiki yake, m'mawa uliwonse ndikamatenga mapilisi ndinkaiona.

Tsopano mumvetse mbali yanga. Mayi anga anamwalira kumapeto kwa 2018 ine ndili kuno, ndalama ya ndege panalibe, maliro ndinaonera pa zithunzi za pa WhatsApp nditakhala pansi mu bafa kuti agogo asamve kulira kwanga. Mayi ndi omwe ankatsogolera nyimbo mu kwaya ya mphakati wathu kwa zaka zambirimbiri, iwo akayambitsa ena onse amavomera. Chichokereni maliro aja ine kuyimba ndinasiya, olo potsuka mbale.

Tsiku lina madzulo achemwali anga ananditumizira voisi, ati mvera kwaya ikuyimba pa chiliza cha amayi. Nditatsegula ndinamva nyimbo ija mayi ankaikonda, koma woyambitsa anali mayi wina, mawu ena, kapumidwe kena. Ndinazimitsa isanafike ndi pakati pomwe. Mtima unandiwawa ngati andibera, ndinkati angayerekeze bwanji kuima pamalo pa mayi anga, ndipo ndinalira mu khitchini osasamalanso zoti wina andimva.

Ndinangomva matayala a wilutcheya akukhula pachitseko, agogo adzikankha okha ndi mwendo wamanzere kuchoka pabalaza, chinthu chomwe ankakana kuchita olo adokotala awauze. Anandifunsa kuti chachitika nchani mwana wanga. Ndinawafotokozera m'Chitaliyana changa chodukaduka, za mayi, za kwaya, za mayi winayo. Sanayankhe msanga, anakhala chete akuyang'ana foni ili patebulo, kenako anati pita ukatenge CD ija.

Pulasitiki ndinang'amba ndi mano chifukwa manja ankanjenjemera. Tinakhala pabalaza awiriwiri, magetsi osayatsa. Makiyibodi atayamba ndinaona zala za dzanja lawo lamanzere zikugogoda pa bondo, Vittorio anamuzindikira nthawi yomweyo. Mawu a woyimba atalowa zala zinaima. Ndinkaopa kuti anena kuti zimitsa, koma anamvera chimbale chonse mpaka kumapeto osalankhula kanthu, misozi ikutsikira mu ndevu zomwe ndinali ndisanawamete tsiku limenelo.

Chitatha anati, si Francesco. Ine ndinati eya agogo, si iyeyo. Anapuma kaye nkunena kuti komatu sakunamizira kukhala Francesco, akuyimba ndi mawu ake. Kenako anandilozera foni yanga ndi chibwano, ati tsopano ika ya amayi ako.

Ndinayika voisi ija kuyambira poyamba. Mayi uja anayambitsa, kwaya inavomera, chapatali kukumveka tambala ndi mwana akulira, ndipo pa ndime yachiwiri ndinapezeka ndikuvomera nawo chapansipansi, agogo atagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamanzere lija mpaka nyimbo inatha.