Lachiwiri, tsiku lojambulitsa mtima wa bambo

Tinanyamuka ku Chibavi kusanache bwino, kamvula kowaza kaku Mzuzu kakugwa. Bambo anakana kukwera njinga ya kabaza, ati agwa, ndiye tinalipira galimoto mpaka kuchipatala chachikulu. Masiku ano akangoyenda pang'ono amabanika, ndipo usiku amagona atatsamira mapilo atatu.

Cha m'ma 10 koloko anatilowetsa m'chipinda cha echo, makina ojambula mtima. Anawagoneka chammbali, kumanzere, n'kuwapaka mafuta oterera pachifuwa. Kenaka adokotala anayamba kuyendetsa kachipangizo pakati pa nthiti, mtima n'kuonekera pa kanema ukuphethira mu mdima. Makinawa sagwiritsa ntchito cheza ngati X-ray, amatumiza mawu osamveka m'khutu amene amabwerera akagunda mnofu. Atayatsa mitundu, magazi anaoneka ofiira ndi abuluu, ndipo penapake mitunduyo inkasokonekera ngati madzi odutsa mothinana.

"Pamenepa ndiye pali vuto," anatero adokotala. Mtima uli ndi mavavu 4, timakomo tolola magazi kudutsa osabwerera m'mbuyo, ndipo ya bambo yotchedwa mitral, ya mbali ya kumanzere, yauma n'kuchepa khomo. Anati nthawi zambiri chiyambi chake chimakhala zilonda zapakhosi zaubwana zimene sizinachiritsidwe ndi penisilini.

Bambo, amene akonza njinga zaka zonsezi, anangoti, "Vavu basi? Sinthani, ineyo ndasintha zambirimbiri." Tonse tinaseka, ngakhale ine m'mimba munali mutazizira.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti echo payokha sikwanira. Bambo ali ndi zaka 58, ndipo anasuta fodya nthawi yaitali. Mwamuna akapitirira zaka 40, asanamuchite opaleshoni ya vavu amayamba aona mitsempha imene imadyetsa mtima weniweniwo, chifukwa ikakhala yotsekeka amaikonzera limodzi pa opaleshoni yomweyo. Ndani angafune kung'ambidwa chifuwa kawiri? Echo sionetsa bwino mitsempha imeneyi. Njira ina ndi kulowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa padzanja kapena m'mphechepeche mpaka kumtima, kuthira mankhwala ooneka pa X-ray, n'kujambula. Ina ndi CT, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray; mankhwalawo amangobaya pamkono, koma imafuna mtima wogunda modekha, pomwe wa bambo umadumphadumpha. Zonse ziwiri zimalemetsa impso, n'chifukwa chake lero awatenganso magazi. Anatchulanso echo ina yomeza kachubu kuti aone vavuyo chakumbuyo. Bambo atamva zomeza anayang'ana kudenga.

Zojambula mitsemphazo zidzachitikira kumene adzachitire opaleshoni, ndipo kalata yotitumiza ikulembedwa. Pobwerera tinaima mumsika kugula nthochi. Amayi anatichingamira pakhomo n'kufunsa kuti zatha bwanji.

"Vavu yatha, mayi," anatero bambo, akuvula jekete pang'onopang'ono. "Koma akuti ayambe aona mapaipi."