Zikomo abale, defesa yatheka

Abale anga a ku Ulongue, ku Domue ndi ku Moatize, ndaima pamaso pa aphunzitsi ku Maputo kuteteza buku la kafukufuku wanga (ndiyo defesa imeneyo) ndipo ndakhoza. Sukulu ya uinjiniya yatha.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Ndalama za lendi zinkachokera ku kachewere amene munkakumba m'dimba kuzizira kwa June kuli pachimake, manja atachita kung'ambika. Amalume a ku Moatize, laputopu yanga itafa ndi kutentha kwa mu Tete pa tchuthi cha October, simunafunse zambiri, ndinangomva M-Pesa ikulira. Mulungu akuwonjezereni pomwe munatapapo.

Ambiri mumandifunsa kuti ndinkawerengera chiyani usiku wonse. Ndi membrane, kapepala ka pulasitiki ka timabowo tosaoneka ndi maso, kosefera madzi akumwa ngakhalenso magazi a odwala impso pa makina a dialysis. Poipanga, timasungunula pulasitiki yotchedwa polysulfone m'mankhwala otchedwa NMP mpaka zitanda, timayala mopyapyala pagalasi, kenako timaviika galasilo m'beseni la madzi. NMP amathawira m'madzimo, madzi nawo amalowa, ndipo poti polysulfone sasungunuka m'madzi, amaundana n'kuyera mbuu m'masekondi ochepa chabe. Pamwamba pamatsala kachikopa kothina ngati kamene kamabwera pa phala likazizira, pansi pake timabowo tokhatokha. Njirayi anaitchukitsa asayansi Loeb ndi Sourirajan ku yunivesite ya UCLA ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, pofuna kuchotsa mchere m'madzi ndi membrane ya pulasitiki ina yotchedwa cellulose acetate.

Yanga inali kulemba masamu pa kompyuta olosera kusinthana kumeneku kwa NMP ndi madzi, potsatira lamulo la Fick la mu 1855 lonena za kafalikidwe ka zinthu, ndi chiphunzitso cha Flory-Huggins chonena za kasakanikidwe ka pulasitiki ndi zomusungunula. Kusinthana kukathamanga kwambiri, mumang'ambika mabowo akuluakulu otsetsereka mpaka pansi, ndipo membrane yotere simachedwa kuphulika madzi akaipanikiza. Ukathirako NMP pang'ono m'beseni, zimayenda mofatsa, mabowo aja amachepa. Chondisowetsa tulo chinali chakuti kapepalako kamapyapyala pomwe ukuwerengera, ndiye malire ake sakhala malo amodzi. Kompyuta inkangolavula manambala opanda mutu.

Apa ndi pomwe aphunzitsi ondiyang'anira anandigwira dzanja, mpaka kukhala nane Loweruka mu ofesi. Nawo achikulire a mu labotale, amene ankathyola tizidutswa tanga ataumitsa mu nayitirojeni wamadzi kuti mabowo aoneke bwino pa maikulosikopu, dzina lawo silili pachikuto cha buku langa, koma kunena zoona linayenera kukhalapo. Popanda zithunzi zawo, masamu anga sakanakhala ndi mboni.

Achemwali, zikomo posamala amayi nthawi imene ankadwala ine ndili kutali. Anzanga a kwaya, mapemphero anu ndinkawamva.

Ndikwera basi Lachinayi, ndigona mu Tete, Loweruka ndifika pa chapa (minibasi) ya ku Ulongue. Amayi, mbuzi ija isiyeni, nkhuku ikwana.