Sabata Yolimbana ndi Ma Header a Laibulale Yathu ya C

Lolemba m'mawa ndinapeza dandaulo la kasitomala wina amene amagwiritsa ntchito laibulale yathu ya C, gulu la ma function okonzedwa kale othandiza olemba mapulogalamu m'chinenero cha C. Pulogalamu yake inali ya mizere yochepa kwambiri, koma akaipereka kwa GCC, compiler yomasulira mapulogalamu kuti kompyuta iwamve, ndi lamulo la -std=c99 -pedantic-errors lokana chilichonse chosemphana ndi malamulo a C99, zolakwika zinkangoti mbwee, ndipo zonse zinkaloza ma header athu, mafayilo olengeza mayina a zinthu za m'laibulale. Poyamba ndinakayikira, chifukwa kwathu mafayilo omwewo ankadutsa bwinobwino. Chinsinsi ndinachitulukira masana: ife tinkagwiritsa ntchito -std=gnu99, yomwe imalola mawu owonjezera a GNU, komanso tinkalozera ma header kudzera pa -isystem, ndipo GCC imabisa machenjezo ochokera m'mafayilo oterewa pokhapokha utaiuza kuti -Wsystem-headers. Kwa zaka zambiri compiler inkationera chifundo ife osadziwa.

Ndinalemba kapulogalamu kotenga header iliyonse payokha, n'kuiyesa pa C89, C99 ndi C11, omwe ndi malamulo a chinenero cha C a zaka zosiyana. Lachiwiri lonse linathera pa zosavuta: typeof kukhala __typeof__, asm kukhala __asm__, restrict kukhala __restrict, kuchotsa ndemanga zoyamba ndi // zomwe C89 siizidziwa, ndi kuika __extension__ patsogolo pa long long.

Mutu unayamba kuwawa Lachitatu. Dzina la size_t limafunika mu stdio.h, string.h, stdlib.h ndi ena, koma C99 siilola kubwereza typedef (mzere wopatsa dzina mtundu wa data) imodzimodzi, ngakhale kuti C11 inadzalola. Amene anagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anathawa vutoli polowetsa sys/types.h yonse mu string.h, zomwe zinachititsa kuti munthu wongofuna strlen alandirenso pid_t, off_t ndi mayina ena amene sanawaitane. Ndinatengera njira ya musl, laibulale ina ya C, yomwe imasunga mitundu yonseyi m'fayilo imodzi, ndipo header iliyonse imapempha chokhacho chimene ikufuna kudzera pa macro (dzina loikidwa ndi #define) ngati __NEED_size_t, pamene macro ina imakumbukira kuti dzinalo laperekedwa kale.

Nkhani ya mayina ndi imene inatikanganitsa Lachinayi. Kasitomala uja anali atalemba #define len 16 pamwamba pa fayilo yake, pomwe ifenso mu string.h tinali titatchula len ngati dzina la parameter ya memset. Preprocessor, gawo losintha mayina oikidwa ndi #define compiler isanayambe ntchito, siifunsa kuti dzina ndi la yani. Inangosintha mzere wathu kukhala size_t 16, compiler n'kukana. A mkulu wa gulu lathu anati: "Muwauze asinthe dzinalo, nanga tisokoneze mafayilo onse chifukwa cha munthu mmodzi?" Ndinawayankha mwaulemu kuti: "Bwana, pamenepa olakwa ndife." Malamulo a C amasungira olemba laibulale mayina oyamba ndi timizere tiwiri tapansi, kapena kamzere kamodzi kotsatana ndi chilembo chachikulu, ndipo dzina wamba ngati len ndi la mwini pulogalamu. N'chifukwa chake ma header a glibc, laibulale ya C ya GNU, amadzaza ndi mayina osakongola ngati __s ndi __n. Kunena zoona inenso sindiwakonda powerenga, koma header imakalowa m'pulogalamu ya eni ake, ndipo siyenera kulanda mayina awo. A mkulu aja anavomera, ngakhale monyinyirika.

Lachisanu ndinabisa strdup, function yomwe ndi ya POSIX (malamulo a makompyuta a mtundu wa Unix) ndipo inalowa m'malamulo a C mu C23 mokha, kuti pa C99 yeniyeni izioneka pokhapokha munthu atapempha _POSIX_C_SOURCE kapena _XOPEN_SOURCE. Pulogalamu yoyamba kugwa inali yathu yomwe yoyesera laibulale, imene inkaitana strdup osapempha chilichonse. GCC 14 siingochenjeza ikapeza function yosalengezedwa, imakaniratu. Ndinaonjezera mzere wa #define _POSIX_C_SOURCE 200809L pamwamba pake, ndinaika kapulogalamu koyesa ma header kaja m'gulu la mayeso a usiku uliwonse, kenako ndinatumizira kasitomala mafayilo atsopano cha m'ma 4 koloko madzulo.